Kodi nsomba za m'nyanja mwini wake ndani?

Mlimi amadziwa malire a munda wake. Akathira manyowa chaka chino, adzakolola yekha chaka chamawa. Koma m'nyanja mulibe malire. Nsomba imakhala yako pokhapokha yalowa m'bwato mwako.

Vuto limayambira pamenepa. Msodzi wa ku Chia akapeza kasawala m'khoka amadzifunsa kuti: ndikamubweza m'madzi, kodi mnzanga sadzamugwira mawa? Poti fodya wako ndi amene ali pamphuno, amangotenga. Aliyense akachita chimodzimodzi, chambo sichifika poswana ndipo onse amasauka limodzi. N'chifukwa chake eni matchera amakangana ndi okoka makoka a maso ang'onoang'ono kapena maneti a udzudzu. Nayonso mpasa ikatchingidwa pamathiriro a Bua, siyifika kumtunda kumene imakaikira mazira.

M'chaka cha 1968, katswiri wina wa ku America, a Garrett Hardin, adalemba kuti chuma cha onse chimatha msanga chifukwa phindu limapita kwa wotenga, pamene kutaya kumagwera gulu lonse. Ku nyanja ya Malombe zidachitikadi: pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chidali chitasowa.

Koma mayi Elinor Ostrom, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 2009, adaonetsa kuti anthu angathe kusamala chuma chawo ngati akudziwa amene ali ndi ufulu wochigwiritsa ntchito, akupanga okha malamulo, ndiponso akulanga wolakwa.

Chitsanzo chili pafupi, m'boma la Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka chilumba cha Mbenji nthawi ya dzinja kuti nsomba ziswane. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa, ndipo pachilumbapo pamadziwika ndi utaka mpaka lero.

Boma nalo lidatengerapo phunziro. Makomiti a m'madoko adayamba ku Malombe mu 1993, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 lidatsegula njira yoti asodzi aziyang'anira nsomba mogwirizana ndi boma.

Komabe komiti payokha si mankhwala. Ngati khoka la munthu wosauka likulandidwa pamene la mwini ndalama likudutsa, palibe amene adzamvere. Choncho inu asodzi, pitani kumisonkhano ya padoko lanu, sankhani anthu okhulupirika, ndipo funsani kumene ndalama za chindapusa zikupita. Nyanja ndi munda wa tonse, ndipo mbewu yake ndi kasawala amene mukumubweza m'madzi lero.