Tchalitchi Lamulungu, simba Lolemba: Akhristu a ku Phalombe ali pa mphanda

Ikafika Ogasiti, sukulu zatsekera, chimanga chili m'nkhokwe ndipo nandolo wayamba kuuma, ng'oma zimamveka usiku m'midzi ya kwa Mkhumba, kwa Nazombe ndi kwa Nkhulambe m'boma la Phalombe. Ndi nyengo ya zoma. Ndipo ndi nyengo yomwe amayi ambiri ogulitsa mu msika wa Limbe, Ndirande kapena Zomba, omwe kwawo ndi kuseri kwa phiri la Michesi, amalandira uthenga wochoka kumudzi: mwana uja wakula, mumtumize adzavinidwe.

Mayi wa Mvano kapena wa Dorika akamva mawu amenewa mtima umagunda. Ku tchalitchi adamva kale kuti mwana wa Mkhristu asapite ku simba. Koma amene akuitanayo si mlendo ayi, ndi amayi ake omubereka, ndi alongo ake, omwe ndi eni mbumba. Nanga akane bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo anthu a m'tauni omwe sadakulire kumeneko samvetsa. Kwa Alhomwe, monganso Amang'anja ndi Ayao, mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ndi mkamwini, adangobwera kudzamanga nyumba pamudzi pa eni ake. Kaya akhale mkulu wa mpingo, kaya katekisiti wa pa Holy Family, pa za mwana mawu omaliza ndi a malume. Akalimbalimba amamukumbutsa kuti njira yobwerera kwawo akuidziwa. Mayi nayenso akakana, abale amamufunsa kuti likadzagwa tsoka adzamuike ndi a Mvano akewo. Paja amati chibale ndi fupa, sichiola. Munda uli kumudziko, manda ali kumudziko. Si zamasewera.

Ndiye pali mwanayo. Anzake akatuluka ku simba atameta, atavala zatsopano, akufupidwa makwacha, iye amatsala ndi dzina la wosavinidwa. Ku chitsime amamuseka, ku sukulu amamuyankhulira m'zining'a zomwe iye sakuzidziwa. Ana ena amathawira okha ku simba makolo asakudziwa. Enanso agogo amangowatenga pa holide, mayi ali pa benchi ku Limbe akuwerenga ya tomato, n'kudzamva zonse zitatha.

Tisanamizane, si zonse za ku simba zili zoipa. Anankungwi amaphunzitsa ulemu, kudzisamalira pathupi, kusalowa kuchipinda kwa makolo, kuthandiza pa maliro. Mkhristu sangatsutse zimenezi. Chomwe chidautsa mkangano ndi malangizo a za m'banja operekedwa kwa kamwana ka zaka 10 kapena 11, ndi mwambo wa kusasa fumbi: kuuza mtsikana wotuluka kumene kuti agone ndi mwamuna, apo ayi atuwa thupi lonse kapena adwala. Palibe dokotala amene adapezapo matenda otere. Omwe madokotala amawapeza ndi ena: mimba za ana, chindoko, ndi kachilombo ka Edzi, komwe maboma a Mulanje ndi Phalombe kadawasautsa kwambiri chiyambire zaka za m'ma 1990.

Mipingo itaona kuti kungoletsa sikukuthandiza, idakonza zake. A CCAP ali ndi chilangizo, pomwe amayi a Mvano osankhidwa ndi mpingo amalangiza atsikana, amuna nalangiza anyamata. Akatolika ndi a Baptist nawonso ali ndi alangizi awo. Nzeru yake ndi yabwino: mwana alangizidwe ndithu, koma zonyansazo zichotsedwe. Vuto ndi lakuti kumudzi ena sawerengera chilangizo cha ku tchalitchi. Amati ndi chinamwali cha madzimadzi. Ndiye mabanja ambiri amapalasa ngalawa ziwiri: mwana apite ku chilangizo kuti abusa asadandaule, kenaka apite ku simba mwakachetechete kuti agogo asakwiye. Akagwidwa, makolo amaimitsidwa pa Mgonero miyezi ingapo, nadzabwerera. Ena amachita kuwerengeratu chilangocho ngati momwe timawerengera tikiti ya msika. (Akulu ampingo ena omwe amaweruza milanduyi, ana awo adapita komweko, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Lero wokana ali ndi pogwira pena kupatula Baibulo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 lidaletsa miyambo yovulaza, ndipo wolakwa atha kukhala ku ndende zaka mpaka 5. Ndi lamulo lomweli lomwe lidamanga Eric Aniva, fisi wa ku Nsanje, yemwe mu Novembala 2016 adalamulidwa kukaseweza zaka 2. Mu 2015 aphungu adakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 adasintha malamulo akulu a dziko kuti makolo asamavomereze ukwati wa mwana wochepera pamenepo. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto idamveka dziko lonse mu 2016 itathetsa maukwati a ana oposa 800. Iyo inali mfumu, mwini mwambo, osati mzungu kapena m'busa. Choncho malume akanena kuti mukupha chikhalidwe, muwafunse kuti chikhalidwe chake chiti. Ku Chonde, komwe Mulhako wa Alhomwe wakhala ukusonkhana kuyambira 2008, anthu amavina tchopa, amadya kalongonda, ndipo ambiri mwa iwo Lamulungu amakhala ali m'tchalitchi. Kukana kusasa fumbi si kukana Chilhomwe.

Inu a geni musaganize kuti mayesero ali kumudzi kokha. Malonda akavuta masabata awiri, mpamba wayamba kudyeka, wa katapila akubwera m'mawa uliwonse, mnzanu wa benchi yoyandikana amakunong'onezani kuti akudziwa munthu wina kumalire a Mozambique wodziwa kukonza bizinesi. Wonong'onayo mwina mumaimba naye kwaya imodzi. Kachithumwa pansi pa thumba la nandolo, Baibulo pamwamba. Ndalama ya sing'anga imachoka pa mpamba womwewo.

Ndipo anthu a ku Phalombe akudziwa komwe kutsatira gulu kumafikitsa. Mu Sepitembala 2017 mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje ndi Phalombe. Anyamata adatseka misewu ndi miyala, kusecha galimoto, ndipo mlendo aliyense wonyamula chikwama adasanduka wopopa magazi. Anthu osachepera 8 adaphedwa m'chigawo cha kumwera, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma awiriwa, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Peter Mutharika, adachita kupitako yekha kukayankhula ndi anthu. Wopopa magazi sadapezeke ndi mmodzi yemwe. Boma la Phalombe ndi la Akhristu ochuluka. Ndiye onyamula miyala aja adachokera kuti? Woti aime pakati pa gulu n'kunena kuti uyu ndi munthu, musiyeni, ankadziwa kuti akhoza kuuzidwa kuti nayenso ndi mmodzi wa iwo.

Kunena kuti ayi kwa gulu la anthu osawadziwa n'kovuta, koma kunena kuti ayi kwa amayi ako okubereka kumaposa. Amayi ena a mu msika adapeza njira yawo: sukulu zikatsekera mwana sapita kumudzi, amakhala pa benchi kuthandiza kuunjika tomato mpaka zoma zitatha. Kumudzi amatumizako shuga, sopo ndi chitenje cha agogo, ndipo mwanayo amakawaona pa Khirisimasi.