Usodzi wa m'maiwe chisanu chikamatha

Mwezi wa Ogasiti, chisanu chikamatha ndipo chimanga chili m'nkhokwe, mabanja ena kuno ku Mchinji amanyamula miono, mbedza ndi ufa n'kukamanga misasa m'mbali mwa Bua ndi Rusa, kutali ndi mudzi. Ana amatola nkhuni, amayi akuwamba milamba. Ife a zausodzi sitiletsa ulendo wotere.

Chotidetsa nkhawa ndi katupe. Nyengo imeneyi madzi amakhala ataphwera, nsomba zitaunjikana m'maiwe ochepa. Zotsala m'maiwemo ndizo zimadzaswana mvula ikagwa. Katupe amalepheretsa nsomba kupuma ndipo sasankha, amapha kholo ndi mwana yemwe. Banja limatola zodzaza dengu, zina zambiri n'kuwolera pansi pa madzi. Masikito nawonso amakokolola timatemba tosakhwima.

Lamulo la usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni.

Choncho inu a komiti, khalani pansi ndi mafumu Julayi asanathe, musankhe maiwe oti asasodzedwe mpaka dzinja. Abale ochokera ku Zambia muwauze malamulowa pofika pomwe, asanamange msasa.