Kompyuta ikakukana, ukadandaule kwa yani?

Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbuka bwino. Ukafika pa msika wa Migowi wopanda khadi, anyamata a Yufi ankangoti, "Bwerera!" Panalibe kufunsa chifukwa. Pa 14 June 1993 tinavota kuti zimenezo zithe, ndipo mu 1994 tinalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko lino. Gawo 43 la malamulowo likunena poyera kuti boma likagamula nkhani yokhudza ufulu wa munthu, liyenera kuchita mwachilungamo ndi kumupatsa zifukwa zolembedwa.

Lerotu kwabwera mlonda wina pakhomo. Salankhula, sapsa mtima, komanso safotokoza kanthu. Ndi kompyuta.

Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayamba ku Mchinji mu 2006, ndipo Phalombe ndi limodzi mwa maboma oyambirira kuilandira. Masiku ano alembi a kaundula wa UBR amayenda khomo ndi khomo kufunsa za denga, ziweto ndi anthu a m'banjamo. Mayankhowo amapita mu makina, makinawo n'kundandalika mabanja kuyambira osaukitsitsa. Tinene zoona, ubwino wake ulipo. Kompyuta ilibe mlamu, ilibe chipani, sidya nkhuku ya munthu. Tonse timadziwa nkhani za maina a abale a mfumu.

Koma mlembi akalakwitsa, makina amameza cholakwikacho osatafuna. Banja lomwe linalembedwa kuti lili ndi nyumba ya malata, namondwe wa Freddy anaigwetsa mu March 2023 kwa Nkhulambe. Kodi makina akudziwa? Nanga gogo akafunsa chifukwa chomwe wasiyidwira, n'kuuzidwa kuti "ndi sisitimu", gawo 43 lija lapita kuti?

Kunja kuno maboma akuthamangira makina ophunzira okha, omwe akuwatcha AI. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Netherlands, ofesi ya msonkho inkagwiritsa ntchito makina posaka akuba ndalama zothandizira kulera ana. Mabanja zikwizikwi osalakwa, ambiri ochokera maiko ena, anawanamizira kuba n'kuwalamula kubweza ndalama. Manyazi ake, nduna zonse za boma la Mark Rutte zinatula pansi udindo mu January 2021. Ngati zinachitika kwa anzathu okhala ndi maloya pakhomo, nanga mlimi wa nandolo wa ku Chiringa?

Sindikuti tiphwanye makompyuta ayi. Pempho langa kwa aphungu athu ndi ili: chigamulo chilichonse cha makina chikhale ndi munthu wa dzina ndi ofesi wochiyankhira. Wokanidwa apatsidwe chifukwa pa pepala, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, ndipo auzidwe kokachita apilo. Misonkhano ya m'mudzi yotsimikizira maina isakhale yongowombera m'manja.

Phungu tikhoza kumuchotsa ndi voti. Kompyuta sitinaivotere, choncho isatilamule.