Mizere iwiri pambuyo popita padera

Kachipangizo koyezera mimba kanafika m'midzi yathu ya ku Kasenengwa malangizo ake asanafike. Wopita ku Chipata kukagulitsa mtedza amanong'onezedwa kuti akagule kukemisiti, ndipo mayi amadziyeza yekha m'bandakucha. Mzere umodzi ndiye kuti palibe, iwiri ndiye kuti ilipo. Nthawi zambiri zimakhala zoona. Koma kwa mayi amene wangopita padera, mizere iwiriyo imasokoneza mutu. Ine ndili m'gulu la SMAG, anthu odzipereka olimbikitsa uchembere wabwino m'midzi, ndipo misozi yochokera pa mizereyi ndaiona yambiri.

Mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga, anapita padera mimba ili pafupi kukwana miyezi itatu. Patangopita masiku ochepa anadziyeza, ndipo anandipeza kudimba nkhope ili ngwee. "Alamu, mwina anali awiri, mmodzi watsala," anatero. Kunali kowawa kumuyankha, koma kumubisira kukanamupweteka koposa.

Kachipangizoka sikaona mwana. Kamangofufuza homoni yotchedwa hCG mumkodzo. Homoniyi imapangidwa ndi nsengwa mimba ikangokhazikika, ndipo imachuluka kwambiri pa masabata 8 mpaka 11. Mimba ikachoka, hCG siitha tsiku lomwelo, imatsika pang'onopang'ono. Ngati mimba inali yaing'ono kwambiri, imatha m'masiku ochepa. Ngati inali ya miyezi iwiri kapena itatu, imatha kutenga mwezi, mwinanso kupitirira. Choncho mizere imene mlamu wanga anaona inkanena za mimba yomwe inali itachoka kale. Anadikira, ndipo atadziyezanso mzere unali umodzi. Analira kachiwiri, komabe mzere umodziwo unali umboni wakuti m'chiberekero mwayera.

Madokotala a ku Britain amalangiza kuti mayi adziyeze patapita masabata 3 chichokereni mimba, ndipo ine ndimawauza amayi zomwezo. Mizere ikaonekabe iwiri, apite kukiliniki. Mwina m'chiberekero mwatsalira zina zofunika kuchotsa. Mwina mimba inakhala kunja kwa chiberekero, m'kanjira kodutsa dzira, ndipo imeneyo ikaphulika imapha. Mwinanso ndi mimba yatsopano. Kusiyanitsa zimenezi kumafuna sikani, ndipo anamwino amatumiza mayi kuchipatala chachikulu monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete.

Pali zizindikiro zimene sizidikira masabata atatu, ngakhale kudikira kuti kuche: kutentha thupi, zotuluka zonunkha, magazi onyowetsa mapadi awiri pa ola limodzi, kupweteka koopsa mbali imodzi ya mimba, chizungulire kapena kukomoka. Ndikudziwa kuti m'dzinja misewu yathu imavuta ndipo wa njinga yamoto amafuna ndalama. Dzutsani aneba, gwirani nkhuku kapena mbuzi, nyamukani.

Cholakwika china chimene ndimakumana nacho n'chosiyana ndi choyambachi. Amayi ambiri amati, "Sindinasambe, ndiye sindingatenge pakati." Dzira ndi limene limayamba kutuluka, msambo umabwera patapita masiku pafupifupi 14 ngati dziralo silinakumane ndi umuna. Mayi amene wapita padera mimba ili yaing'ono akhoza kutulutsa dzira patangopita masabata awiri, pamene msambo woyamba umabwera patapita masabata 4 mpaka 6. Umuna umakhala wamoyo m'thupi la mayi mpaka masiku 5, dzira limangokhala tsiku limodzi. Motero mayi akhoza kuima asanaone msambo n'kamodzi komwe, n'kumaganiza kuti thupi likuchedwa kubwerera m'malo mwake.

Mwezi woyambawo kuwerenga masiku sikuthandiza. Thupi lokha ndi limene limanena: dzira likayandikira kutuluka, chikazi chimakhala choterera ndi chotamuka ngati choyera cha dzira laliwisi. Tizipangizo toyezera nthawi ya dzira, kwa amene angatipeze m'tauni, timasokonezekanso ngati hCG ikadalipo, chifukwa imafanana kwambiri ndi homoni imene timafufuza.

Nanga mayi adikire nthawi yaitali bwanji asanayesenso? Apa akatswiri enieniwo anasiyanapo maganizo. Mu 2005, akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi bungwe la WHO analangiza miyezi 6, ndipo ndi zimene ambiri a ife tinaphunzitsidwa. Mu 2010, kafukufuku wa ku Scotland wa amayi oposa 30,000 anapeza kuti amene anatenga mimba miyezi 6 isanakwane sanakumane ndi mavuto ochuluka, ndipo ambiri anabereka bwino. Kafukufuku wa ku Norway wa mu 2022 anagwirizana nazo. Ine ndimazikhulupirira, koma ndimakumbukiranso kuti mayi wa ku Norway sadwala malungo ndipo sadzuka n'kupita kukapalira chimanga magazi akadali ochepa m'thupi. Kwathu kuno ndimati: magazi asiye kutuluka, mzere ubwerere umodzi, msambo ubwere kamodzi kuti masiku a mimba yotsatira adzawerengeke bwino, ndipo kukiliniki akaone ngati magazi m'thupi abwerera m'malo mwake. Chotsala ndi mtima wa mwini wake. Ena amafuna mwana msanga, ena amachita mantha chaka chathunthu, ndipo apongozi asamawawerengere miyezi. Amene akufuna kupuma akhoza kuyamba kulera tsiku lomwelo: mapilitsi, jakisoni kapena kapamkono.

Alangizi athu amaletsa banja kukhalira limodzi mayi akangopita padera. Pamenepa sindikangana nawo, chifukwa khomo la chiberekero limakhala lisanatsekeke ndipo matenda amalowa mosavuta magazi akamatuluka. Pomwe ndimatsutsa ndi pa mlandu umene timamusenzetsa mayi. Kamwanako amakataya amayi okhaokha, maliro salira, ndipo mawa lake mafunso ayamba: unanyamula chiyani, unadya chiyani, unakangana ndi yani. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inalemba mu 2021 kuti pa mimba 100 zodziwika, pafupifupi 15 zimachoka, ndipo pa dziko lonse zimakwana 23 miliyoni pa chaka. Pafupifupi theka la mimba zochoka m'miyezi itatu yoyamba zimachoka chifukwa cha vuto la makromosomu, limene limachitika pa nthawi imene dzira ndi umuna zikukumana. Khasu kapena ndowa ya madzi sizikhudzidwa. Amayi ambiri amene anapitapo padera kamodzi amadzabereka bwinobwino. Zikachitika kawiri kapena katatu motsatizana, mayi apemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu kuti akafufuze.

Zilipo zina zochotsa mimba zimene tingathe kuzitchinga. Malungo ndi chimodzi, n'chifukwa chake neti ndi yofunika ngakhale kukutentha mu Okutobala, ndipo kusikelo amapereka Fansidar mimba ikadutsa miyezi itatu. China ndi chindoko, chimene chimakhala m'magazi popanda chizindikiro n'kupha mwana m'mimba. Kuyeza kwake n'kobaya chala basi, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini.

Apa ndikulankhula ndi inu abambo. Mayi akabayidwa yekha inu osabayidwa, mudzamupatsiranso, ndipo mimba yotsatira idzakhalanso pangozi. Mlongo wanga anayamba wakana, akuti kusikelo ndi kwa akazi. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mwana amene mukumufunayo ndi wa anthu awiri, magazi oyezedwa akhalenso a anthu awiri." Anapalasa njinga, mkazi wake ali kumbuyo, ndipo onse anayezetsa.