Oyeza Mkodzo Usiku M'mawodi a ku Mzimba

Pa chipatala cha boma ku Mzimba, ngakhalenso ku Embangweni kwa a CCAP, pali ntchito imene anthu sayiwerengera. Namwino amawerama pansi pa bedi pakati pa usiku, n'kukweza thumba la mkodzo, n'kulemba kuchuluka kwake. Kwa ine, impso za wodwala zimapulumukira pamenepo.

Wodwala wotere amachokera kutali, mwina ku Khosolo kapena ku Luwerezi. Nthawi zina ndi mayi wongochira kumene amene tizilombo talowa m'chiberekero, nthawi zina ndi bambo amene chilonda chake chinalekereredwa. Achipatala amati sepsis. Chitetezo cha m'thupi chimalusa mopyola muyeso mpaka kuvulaza mwini wake yemwe. BP imatsika, magazi amayamba kuundana m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo kuundanako kumamaliza zinthu zimene zimaletsa magazi kutayika, moti munthu yemweyo angayambe kukha magazi pamene anamubaya jakisoni. Impso zikasowa magazi, mkodzo umachepa, kenako umasiyiratu.

Amene amasenza mtolo umenewu m'zipatala za m'maboma ndi anamwino ndi ma clinical officer. Zida zawo n'zodziwika: dripi, oxygen, mankhwala ngati ceftriaxone, ndi mnzawo wa ku labu woyeza creatinine m'magazi poona mmene impso zikugwirira ntchito. Zikakanika, ambulansi imanyamuka ulendo wa ku Mzuzu Central.

Makina a dialysis, osefa magazi m'malo mwa impso, kwa zaka zambiri m'zipatala za boma ankapezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre kokha. Namwino wa pa makinawo naye ali ndi yake nkhondo. Magazi akangotuluka m'thupi n'kulowa m'sefa amafuna kuundana, choncho amathiramo heparin. Heparin akachepa, sefa imatsekeka ndipo magazi a wodwala amatsalira m'mapaipi. Akachuluka, munthu wa sepsis uja amataya magazi. Koma ndi angati a ku Khosolo akanapirira msewu wonse wa ku Lilongwe wodzera pa Jenda ndi Kasungu BP ili pansi?

N'chifukwa chake ndimalemekeza namwino wa thumba la mkodzo uja. Inu magadiyani, mthandizeni. Wodwala wanu akatentha thupi, akumabwebweta, ndipo sanakodze kuyambira m'mawa, musadikire kuti adokotala adutse m'wodi. Kamuuzeni namwino nthawi yomweyo.