Mdindo Wosunga Makiyi a Intaneti

Anthu a ku Kafue, tauni imene inakula ndi mafakitale chiyambire pamene Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, anamzolowera kalekale mlonda wa pachipata wolemba olowa ndi otuluka; koma masiku ano, kulikonse kumene ofesi ili ndi makompyuta, kuli mdindo wina amene ambiri amangomutcha "wa IT", ndipo mphamvu zake n'zoposa za mlonda uja, pakuti iye aona popanda kuonedwa.

Intaneti yonse ya pa ntchito imadzera pa makina amodzi, ndipo makinawo amasunga kaundula wa malo amene kompyuta iliyonse yapitako, nthawi yake, ndi kuchuluka kwa data imene yatha. Mawu a pa WhatsApp mdindoyu sangawawerenge, popeza amayenda ali otsekedwa kuchokera pa foni kufikira pa foni inzake; koma imelo ya kampani ili m'manja mwake, ndipo angathe kuitsegula mwini wake ali mtulo.

Akatseka Facebook kapena YouTube nthawi ya ntchito, antchito amadandaula kuti akudzikweza, koma ine sindiona tchimo pamenepo, chifukwa intaneti ndi ya ndalama, ndipo kalata imodzi yachinyengo ingathe kuononga mabuku onse a malipiro. Choipa chimayamba pamene iye atsekera akalaliki natsegulira abwenzi ake, kapena pamene asuzumira m'makalata a mnzake popanda lamulo lolembedwa, napereka zimene waona kwa bwana amene akufuna chifukwa chochotsera munthu. Ndipo mlandu wotere uvuta kuuzenga, pakuti wosunga kaundula ndiye angathenso kuufafaniza. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Zambia inalawa kale kuwawa kwa chipata chotsekedwa mwakachetechete. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwira ntchito m'dziko, kufikira bungwe la Chapter One Foundation linasumira ZICTA, bungwe la boma loyang'anira mauthenga ndi intaneti, ku Khoti Lalikulu. Ndipo mu 2022 ZICTA inavomera pamaso pa khoti kuti sidzachitanso zopitirira mphamvu zimene lamulo linaipatsa. Chaka cha chisankho chija cha 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Data Protection Act, lamulo lofuna kuti wosunga mbiri ya munthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, ndipo wolemba anthu ntchito salidumpha.

Ku Ulaya, khoti la ufulu wa anthu la ku Strasbourg linagamula mu 2017, pa mlandu wa Bărbulescu wa ku Romania, kuti wantchito amene anachotsedwa abwana atawerenga mauthenga ake analakwiridwa, popeza sanamuuze bwino kale kuti adzamuyang'anira kufikira pati. Wantchito wa ku Kafue, asanasaine kalata ya ntchito, ali nawo ufulu wopempha kuona pepala lonena zimene kampani imatseka, zimene imasunga, ndi dzina la udindo wa amene amavomereza kuti imelo ya munthu itsegulidwe.