Nkhope ikaphwanyika amaikonza ngati nyumba ya nsichi

Amene anamangako nyumba ya nsichi amadziwa kuti mphamvu yake ili m'mitengo yobisika m'kati mwa khoma. Dothi lomata limangotsatira pamene nsichi zaima. Nkhope ya munthu ilinso chimodzimodzi: pansi pa khungu ndi mnofu pali mafupa 14, ndipo ena 8 amapanga chibade chosunga ubongo.

Tsono wakabaza akagwa n'kumenyetsa nkhope pamsewu, nsichi zija zimathyoka. Kusoka khungu lokha kuli ngati kumata dothi pakhoma lopendekeka. Mu 1901 dokotala wa ku France, René Le Fort, anasonyeza kuti mafupa apakati pa nkhope amakonda kuthyokera m'mizere itatu, ndipo mpaka lero madokotala amatchula mizereyo ndi dzina lake.

Chimene chimandigometsa pokonza nkhope ndi poyambira pake. Mmisiri waluso akafuna kudziwa ngati nyumba yaima mowongoka amayesa chitseko. Chikatsekeka bwino, ndiye kuti zonse zili m'malo. Chitseko cha nkhope ndi mano. Dokotala amayamba walumanitsa mano akumwamba ndi akumunsi monga ankakhalira ngozi isanachitike, n'kuwamanga ndi mawaya. Kenako amabwezera fupa lililonse pamalo pake, n'kuligwiritsa ndi tizitsulo topyapyala ta titanium ndi timisomali take. Tizitsuloti ndiye luzi lake, koma sitiola kapena kuchita dzimbiri. Nthawi zambiri amachekera m'kamwa kapena m'tsitsi kuti chipsera chisaonekere. Kumene tizitsuloti kulibe, nsagwada zimakhala zomanga ndi mawaya masabata 4 mpaka 6, munthu akukhalira phala lamadzimadzi.

Nanga fupa likaperewera, kaya lanyenyeka kapena alichotsa chifukwa cha chotupa? Amachita ngati mmisiri wokatenga mtengo pakhola, amene amasankha umene suugwetsa kholalo. Amadula kachidutswa ka nthiti, ka m'chiuno, kapena fupa laling'ono la kumunsi kwa bondo, limene amalidula n'kulilumikiza mokhota kukhala nsagwada. Mwini wake amayendabe.

Vuto ndi nthawi. Dothi likauma pansichi zokhota, kuwongola n'kugumula. Fupa nalo limayamba kulumikizana pakangotha masabata ochepa, ngakhale litakhala pokhota, ndipo kulikonza kumafuna kulithyolanso. M'bale wanu akagwa n'kuona kuti mano sakulumana, akuona zinthu ziwiriziwiri, kapena tsaya lachita dzanzi, musadikire kuti kutupa kuphwe. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.